Laisensi ya ogulitsa fodya: kodi ingateteze ana a mu Lusaka kuti asayambe kusuta?

Nkhani ya malamulo a fodya ikamveka pa wailesi kapena pa Facebook, anthu amaimva mosiyanasiyana. Ena amaganiza kuti boma likufuna kuletsa ulimi wa fodya, ndiye mtima umathamangira kwa abale a ku Chipata ndi ku Lundazi amene chakudya ndi feteleza wawo zimachokera m'zigafa. Ena amangoti wabweranso msonkho wina wofinya munthu wa kantemba. Enanso amadabwa kuti, kodi kugulitsa fodya kwa mwana si mlandu kale? Nanga lamulo lina n'lachiyani?

Pakati pa mkanganowu pali mfundo imodzi imene mayiko ambiri ayesa, yakuti aliyense wogulitsa fodya kwa anthu osuta azikhala ndi laisensi yapadera. Mfundoyi siikhudza munda kapena chigafa. Imakhudza malo amene ndudu imachoka m'dzanja la wogulitsa n'kulowa m'dzanja la wogula.

Laisensiyi ndi chiyani kwenikweni

Ndi chilolezo chimene boma kapena khonsolo imapereka kwa munthu wodziwika dzina, pa malo odziwika, kuti azigulitsa fodya malinga ngati akutsata malamulo. Kawirikawiri chimakhala cha chaka chimodzi ndipo chimalipiridwa. Akaphwanya lamulo koyamba amalipira chindapusa, akabwereza amamuimitsa kwa masabata angapo, akapitiriza amamulanda.

N'chosiyana ndi ndalama ya levi imene amalonda amalipira kukhonsolo. Levi ndi yoti munthu azichita malonda, kaya ndi a sopo, kapenta kapena simenti. N'chosiyananso ndi ntchito ya Tobacco Board of Zambia, imene imalemba alimi ndi kupereka zilolezo kwa ogula fodya wa masamba. Bungwelo limayang'ana fodya ngati mbewu yobweretsa ndalama, ndipo mwana wa yunifolomu amene waima pa kantemba sali m'mabuku ake.

Taganizirani laisensi yoyendetsera galimoto. Dalaivala wa minibasi akhoza kulipira chindapusa lero, mawa n'kubwereza zomwezo, chifukwa ndalamayo amaibweza pa maulendo awiri a ku Matero. Chimene amaopa ndi kulandidwa laisensi, pakuti pamenepo ntchito yaima. Ndi mmenenso zilili ndi wogulitsa fodya. Mphamvu ya laisensi ili poti ingathe kulandidwa. Phindu lina, limene anthu saliganizira kwambiri, ndi lakuti khonsolo imakhala ndi kaundula wa ogulitsa onse. Popanda kaundulayo woyendera malonda sadziwa n'komwe kuti ayambire pati.

Mayiko amachita izi mosiyana. Ku Scotland, kuyambira 2011, wogulitsa amangolembetsa m'kaundula popanda kulipira, koma akapezeka wolakwa katatu khoti lingamuletse kugulitsa. M'matauni ambiri a ku America muli laisensi yolipira chaka ndi chaka. Ku France malonda a fodya akhala m'manja mwa boma kwa zaka mazana, ndipo amagulitsa ndi okhawo amene ali pa mgwirizano ndi nthambi ya kasitomu.

Chifukwa chake maso ali pa ana

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo amapha mpaka theka la osuta amene sasiya. Koma chimene chimachititsa kuti malamulo alunjike kwa ana ndi msinkhu woyambira. Lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America la 2012 linapeza kuti mwa akuluakulu 10 osuta tsiku lililonse, pafupifupi 9 anayamba asanapitirire zaka 18, ndipo amene amayamba atadutsa zaka 26 ndi ochepa zedi. Ubongo wa munthu umakulabe mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo chikonga chimaugwira msanga ukadali wanthete. Mnyamata amene ankangolawa kuti anzake asamuseke, pakapita miyezi amadzuka ndi chibaba. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo pa nkhani ya fodya madokotala akunenanso chimodzimodzi.

Malamulo amene Zambia yadutsamo

Mu 1992 boma linatulutsa malamulo a fodya pansi pa lamulo la zaumoyo wa anthu, SI 163. Malamulowo analamula kuti pa paketi pazikhala chenjezo ndipo analetsa kugulitsa fodya kwa mwana wosakwana zaka 16. Mu 2008 kunabwera SI 39, yoletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri, ndipo ntchito yoonetsetsa kuti ikutsatidwa inagwera makhonsolo. Chaka chomwecho Zambia inalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya, lotchedwa FCTC, limene linavomerezedwa mu 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu February 2005. Dziko la Malawi, limene chuma chake chimadalira fodya kuposa chathu, linalowa m'panganoli mu 2023.

Ndime 16 ya panganoli ndi imene imakamba za ana. Imati fodya asagulitsidwe kwa osakwana msinkhu umene lamulo la dziko laika kapena zaka 18, wogulitsa akakayika apemphe umboni wa zaka, ana asakhale ogulitsa, ndiponso mayiko ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi kapena timapaketi ting'onoting'ono. Ndime 15 imalimbikitsa mayiko kuganizira za malaisensi pofuna kuthana ndi fodya wozembetsa. Pangano silikhala lamulo la pa kantemba mpaka Nyumba ya Malamulo italemba lamulo lakelake, ndipo n'chifukwa chake bilu yoyang'anira fodya, kutanthauza lamulo loyembekezera kuvomerezedwa, inakhala pakamwa pa a zaumoyo, a makampani ndi aphungu kwa zaka zambiri.

Zaka 16 za mu 1992 zija zimasiyana ndi malamulo athu ena. Lamulo la mowa la 2011 limaletsa kugulitsa kwa wosakwana zaka 18, ndipo laisensi ya mowa amapereka ndi makhonsolo. Choncho dongosolo la laisensi si lachilendo ku Civic Centre, likulu la khonsolo ya Lusaka. Chitupa cha NRC munthu amatenga akakwana zaka 16, kutanthauza kuti umboni wa zaka ulipo, ngakhale kuti achinyamata ambiri sayenda nacho m'thumba popita pa shopu ya pafupi.

Kuyesa ogulitsa: zimene zinachitika ku Woodridge

Lamulo loletsa kugulitsa kwa ana linalipo m'madera ambiri a ku America kwa zaka zochuluka, koma palibe amene ankalilabadira. Zinthu zinasintha m'katauni ka Woodridge, ku Illinois, mu 1989. Wapolisi wina, Bruce Talbot, atalandira dandaulo lochokera kusukulu kuti ana akugula ndudu pa sitolo yoyandikana nayo, anathandiza kuti tauniyo ikhazikitse laisensi ya ogulitsa fodya. Kenako apolisi anayamba kutumiza achinyamata osakwana msinkhu, mowayang'anira, kuti akayese kugula. Wogulitsa akapereka, chilango chinkatsatira, mpaka kuimitsidwa laisensi. Kuyesaku kunkachitika kangapo pa chaka ndipo ogulitsa sankadziwa tsiku.

Kafukufuku wa Leonard Jason ndi anzake, wofalitsidwa mu 1991, anasonyeza kuti poyamba masitolo pafupifupi 70 pa 100 alionse ankagulitsa kwa ana, koma patatha chaka ndi theka anatsala osakwana 5 pa 100. Kusuta pakati pa ana a sukulu a m'tauniyo kunatsikanso kwambiri. Mu 1992 boma la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Synar Amendment, lokakamiza madera onse kuyendera ogulitsa mwadzidzidzi, apo ayi ataya gawo la ndalama zochokera ku boma lalikulu.

Koma umboni suli mbali imodzi yokha. Mu 1997 Nancy Rigotti ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa m'matauni 6 a ku Massachusetts. M'matauni amene munkachitika kuyesa ndi kulanga, masitolo otsata lamulo anafika 82 pa 100, pamene m'matauni enawo anali 45 pa 100. Ngakhale zinali tero, kusuta kwa achinyamata sikunatsike. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ngati masitolo 8 akukana koma 2 akugulitsabe, ana amauzana, ndipo onse amalunjika ku awiriwo. Ena amatuma mnzawo wamkulu, ena amatapa m'thumba la jekete la bambo awo. Ofufuza a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu anapeza kuti kungophunzitsa ogulitsa sikuthandiza kwenikweni, kuyendera ndi kulanga kumachepetsadi kugulitsa kwa ana, koma umboni woti kusuta kwenikweniko kumatsika unali wochepa.

Kafukufuku wa pambuyo pake, wa 2019 kum'mwera kwa California, anapeza kuti achinyamata okhala m'matauni a laisensi yolimba ankayamba kusuta ndudu kapena fodya wamagetsi mocheperapo poyerekeza ndi anzawo a m'matauni a laisensi yofooka. Laisensi yolimba inkatanthauza ya chaka ndi chaka, ya mtengo wokwanira kulipira oyendera, ndiponso yokhala ndi chilango chofika polanda. Ine ndikaika zonsezi pamodzi ndimaona kuti mbali ziwirizi zikugwirizana pa chinthu chimodzi: laisensi imene palibe woiyendera siisintha kanthu. Zimasiyana pa kukula kwa phindu pamene kuyenderako kulipo.

Chiwerengero cha ogulitsa ndi mtunda wochokera kusukulu

Khonsolo ikakhala ndi mphamvu yopereka laisensi, imakhalanso ndi mphamvu yokana. Apa m'pamene pamachokera mfundo ziwiri zina, kuika malire a chiwerengero cha ogulitsa ndi kuwatalikitsa kusukulu. Mzinda wa San Francisco mu 2014 unalamula kuti chigawo chilichonse chisapitirire malaisensi 45, ndipo laisensi yatsopano isaperekedwe pa mtunda wosakwana mamita pafupifupi 150 kuchokera pasukulu kapena kwa wogulitsa wina. Amene anali nazo kale sanalandidwe. Chiwerengero chimatsika pang'onopang'ono masitolo akamatsekedwa. Anachita izi ataona kuti ogulitsa fodya anali othithikana kwambiri m'madera a anthu osauka.

Hungary inachita mwamphamvu. Mu 2013 fodya anachotsedwa m'masitolo wamba n'kuikidwa m'mashopu apadera amene mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kulowamo, ndipo malo ogulitsa anatsika kuchoka pa 40,000 kufika pa osakwana 7,000. Kunali madandaulo aakulu akuti malaisensi ambiri anapita kwa anthu ogwirizana ndi chipani cholamula, ndipo mabanja amene ankadalira malondawo kwa zaka anatsala manja lende. New Zealand inakhazikitsa lamulo mu 2022 loti ogulitsa atsike kuchoka pa 6,000 kufika pa 600, koma boma latsopano linalifafaniza kumayambiriro kwa 2024 lisanayambe kugwira ntchito, ponena kuti lingakulitse malonda ozembetsa ndi umbava m'mashopu otsalawo. Akatswiri a zaumoyo a kumeneko anatsutsa zifukwazo mwamphamvu.

Mu Africa muno, Uganda mu 2015 inakweza msinkhu wogulira fodya kufika pa zaka 21 ndipo inaletsa kugulitsa pa mtunda wosakwana mamita 50 kuchokera pasukulu kapena pachipatala. Kenya, m'lamulo lake la 2007, inaletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi.

Mishanga ndi kantemba

Zonse zimene tafotokozazi zinapangidwira malo amene fodya amagulitsidwa m'sitolo yokhala ndi chitseko, nambala ya msewu ndi makina a ndalama. Lusaka, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, uli nawo masitolo otere ku Manda Hill ndi mu Cairo Road. Koma fodya wambiri amene mwana amakumana naye sali kumeneko.

Imani pa kantemba ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere cha m'ma 17 koloko. Pa thabwa pali botolo la maswiti, mabisiketi, timapaketi ta shuga ndi mafuta ophikira, ndipo pambali pake paketi ya ndudu yotsegula kale. Bokosi la machesi lamangidwa ndi ulusi pa msomali kuti lisayende. Munthu amaponya kandalama ka chenji, amasolola mshanga umodzi, amayatsa pomwepo n'kupitiriza ulendo. Kusiteshoni ya basi mnyamata amayenda ndi thireyi, ndudu zili pakati pa chingamu ndi mtedza. Pamsika pali amayi ogulitsa balani ndi nsunko, fodya amene sanalowepo m'fakitale ndipo alibe paketi iliyonse.

Mishanga imasokoneza njira zitatu zotetezera ana nthawi imodzi. Boma likakweza msonkho, paketi ya ndudu 20 imakwera moti mwana sangaikwanitse, koma ndudu imodzi imakhalabe pa mtengo wa switi. Chenjezo lili pa paketi, ndipo wogula mshanga paketiyo saigwira. Komanso ndudu imodzi siivuta kubisa, mwana amaisuta kuseri kwa mpanda n'kutafuna chingamu asanafike kunyumba.

Palinso mwambo wotuma ana. Bambo ali pa mpando panja amaitana kuti, iwe, thamanga kwa amake Junior ukanditengere iwiri. Mwana wa zaka 8 amapita, ndipo mayi wa kantemba amam'patsa chifukwa akudziwa kuti ndi za bambo ake, amene mwina ali ndi ngongole m'kabuku. Kukana mwanayo kuli ngati kunyoza kholo lake, munthu amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi. Ndiye tsiku limene mwana yemweyo, atafika zaka 13, adzanena kuti andituma pamene sanatumidwe, wogulitsa adzadziwa bwanji? Nthawi zambiri amene wakhala m'kantembamo ndi mwananso, akugwirira amayi ake amene apita ku Soweto kukaoda katundu. Izi zimandikhudza kwambiri, chifukwa palibe aliyense pamenepa amene akufuna kuvulaza mwana, koma mwanayo akuzolowera kugwira ndudu ngati mmene amagwirira mchere.

Amene amafuna laisensi amati ichi ndicho chifukwa chake ikufunika. Fodya achoke pa thabwa la maswiti, apite m'mashopu ochepa odziwika, ndipo ogulitsa pikupiku aziloledwa kupereka katundu kwa okhawo amene ali ndi laisensi. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, pakuti tuntemba ndi tosawerengeka pamene mafakitale, oitanitsa kunja ndi ogulitsa pikupiku ndi owerengeka. Kutseka pa gwero n'kosavuta kuposa kuthamangitsana ndi thireyi iliyonse.

Amene amakayikira amati kantemba kamakhalira phindu la ma ngwee, ndipo wobwera kudzagula mshanga amagulanso switi ndi thokutaimu. Laisensi ikakhala yodula, osauka adzatuluka m'malondawo n'kusiyira mashopu akuluakulu, kapena adzapitiriza mobisa, paketi ili pansi pa chitenje. Amaopanso kuti lamulo lililonse latsopano limatsegula khomo la ziphuphu, woyendera n'kumalandira ya drinki m'malo molemba mlandu. Makampani a fodya nawo amakonda kuchenjeza za ndudu zozembetsa zosalipira msonkho. Vutolo lilipodi, ngakhale kuti a zaumoyo amati makampani amalikulitsa pofuna kuchedwetsa malamulo, ndipo ndime 5.3 ya FCTC imauza maboma kuti ateteze mfundo za zaumoyo ku zofuna za makampaniwo.

Tili ndi chitsanzo chathu chimene mbali zonse ziwiri zimatchula. Mu 2012, Prof Nkandu Luo ali nduna ya maboma ang'ono, boma linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala umene ana a sukulu ankaubisa m'matumba. Timapepalato tinasowadi pa tuntemba, chifukwa lamulo linagwira opanga. Koma pasanapite nthawi mowa wotchipa womwewo unabwerera m'timabotolo. Wina amaona pamenepa umboni woti boma likafuna limatha, wina amaona umboni woti msika umapeza njira ina.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la mwini ntchito. Kodi laisensi izichokera kukhonsolo, monga ya mowa, kapena ku Unduna wa Zaumoyo? Khonsolo ili pafupi ndi anthu ndipo ili ndi oyendera zaumoyo, koma oyendera omwewo ndi amene amayang'ana mabala, mabutchala, misika ndi zimbudzi, ndipo nyengo ya kolera, monga mu 2018 ndi 2024, china chilichonse chimaima. Ngati Lusaka yakhwimitsa koma Chilanga, Chongwe ndi Chibombo ayi, wa m'malire amangowoloka msewu.

Lachiwiri ndi la mtengo. Ukakhala wotsika sulipira oyendera, ukakhala wokwera anthu salembetsa. Kodi kantemba ndi supamaketi azilipira mofanana? Ndipo ndalamazo zidzatetezedwa bwanji kuti zigwire ntchito yoyendera, osati kukatseka mabowo ena a bajeti ya khonsolo?

Kenako pali funso la amene alibe malo okhazikika. Laisensi imamangiriridwa ku adiresi. Mnyamata wa thireyi alibe adiresi ya malonda, ndipo nyumba zambiri za m'komboni zilibe nambala yomveka. Kumuletseratu n'kosavuta kulemba, koma tikudziwa mmene ogulitsa m'misewu amachotsedwera m'tauni n'kubwereranso. Kodi pali china chimene angapatsidwe kuti azigulitsa m'malo mwake? Nanga balani ndi nsunko, zimene zimachoka kumunda kupita pamsika osadutsa kwa wogulitsa pikupiku, zilowa m'kaundula uti? Shisha ya m'malo achisangalalo ndi fodya wamagetsi amene amagulitsidwa pa WhatsApp n'kubweretsedwa pa njinga yamoto, nazonso zikufuna yankho lawo.

Mtunda wochokera kusukulu ulinso ndi vuto lake. M'makomboni muli timasukulu ta anthu wamba pafupifupi mumsewu uliwonse. Mukajambula mzere wa mamita 100 kuzungulira sukulu iliyonse ku George kapena ku Misisi, n'kutheka kuti sipatsala malo ogulitsira. Kwa ena chimenecho ndiye cholinga, kwa ena ndi lamulo limene silingatsatidwe.

Pomaliza pali kuyesa ogulitsa kuja, kumene kunapangitsa kuti Woodridge ipambane. Kumafuna kutumiza mwana weniweni kukagula fodya. Lamulo liyenera kunena momveka kuti mwanayo sakupalamula, makolo ake avomereze, ndipo wamkulu akhale pafupi. Ku America amatha kutenga wachinyamata wa tauni ina amene wogulitsa samudziwa. M'komboni mmene aliyense amadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje, ndani angalole kuti mwana wake atumidwe kukakola mayi wa kantemba woyandikana naye, ndipo mwanayo adzatetezedwa bwanji mayiyo akalandidwa laisensi?